Chakudya chikamuwenga mwana, musamulande mbale yonse

M'nyumba zambiri za ku Kanyama, Chawama ndi George, mbaula ndi imodzi, mapoto ndi awiri, mthiko ndi umodzi, ndipo chimene chaphikidwa ndicho chimene aliyense adye. Choncho mwana mmodzi akayamba kutuluka zidzolo kapena kusanza akangodya, nyumba yonse imasokonezeka. Agogo amati ndi mazira. Aneba amati ndi kapenta. Amayi, poopa, amachotsa mazira, kapenta, nsinjiro ndi mkaka zonse pamodzi, mwana n'kutsala ndi nsima, repu ndi tiyi. Pakapita miyezi itatu, kusikelo akuti mwana sakukwera.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti muno mu Zambia ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'dziko lotere, kulanda mwana ndiwo zinayi chifukwa chongoganizira ndi kumuika pangozi ina. Chofunika ndi kupeza chakudya chimodzicho chimene chikumuwenga, kuchichotsa chokhacho, kuikapo china m'malo mwake, ndi kuphika mwa dongosolo loti chisalowe m'mbale yake. Zonsezi zimatheka pa mbaula imodzi yomweyo.

Choyamba, dziwani kuti si matenda onse obwera pambuyo pa kudya amene ali chiwengo. Chiwengo chenicheni chimabwera msanga, mwina mphindi zochepa, kawirikawiri maola awiri asanathe. Khungu limatuluka totupa toyabwa, milomo kapena zikope zimatupa, mwana amasanza kapena kutsokomola. Chimabweranso nthawi iliyonse akadya chakudya chomwecho, ngakhale kachidutswa, pamene ena onse amene adya mbale yomweyo ali bwinobwino. Zakudya zimene zimawenga anthu kwambiri ndi nshawa, mazira, mkaka wa ng'ombe, nsomba, soya ndi tirigu. Kwathu kuno tiwonjezerepo vinkubala ndi inswa, pakuti alipo anthu amene zimawatupitsa nkhope.

Chakudya chowonongeka chili ndi kachitidwe kena. Chimagwira anthu angapo pamodzi, chimabwera patapita maola, ndipo chizindikiro chachikulu ndi kupotokola m'mimba, kutsegula ndi kusanza, mwinanso kutentha thupi. Pamenepo wolakwa si dzira koma kasungidwe kake, madzi, kapena manja osasamba. Kolera ya kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024, imene inapha anthu oposa 700 ndi kusandutsa Heroes Stadium kukhala chipatala, inatikumbutsa zimenezi mowawa. Ku Kanyama madzi apansi ali pafupi kwambiri ndipo zitsime zosaya zimayandikana ndi zimbudzi, ndiye madzi akumwa ndi otsukira ndiwo zodya zosaphika aziwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Munthu akamatsegula m'mimba madzi okhaokha, mupatseni ORS ndi kupita naye kuchipatala. Musataye nthawi kufufuza za chiwengo.

Pali vuto limodzi la chakudya chowonongeka limene limanamiza anthu ambiri. Nsomba za m'nyanja yamchere, monga karapau wochokera ku Namibia, zikasungunuka n'kukhala pofunda nthawi yaitali, zimapanga poizoni amene sapsa ndi moto. Wodya amafiira nkhope, mutu umamupweteka, khungu limayabwa, ndendende ngati wawengedwa. Magetsi akamazima nthawi yaitali, monga mu 2024 pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo makomboni ena ankakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse, nsomba zimasungunuka ndi kuumanso kangapo zisanagulidwe. Ngati anthu awiri kapena atatu ayabwa pamodzi atadya nsomba, kayikirani nsombayo, osati matupi awo. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi magetsi akazima. Nyama ndi nsomba zaziwisi ziphikidwe maola amenewa asanathe.

Ndiye pali mkaka. Akuluakulu ambiri mwa ife tikamwa mkaka wosawawasa, mimba imatupa, imalira, mphweya umachuluka. Chimenecho si chiwengo. Ndi mimba imene siyigaya bwino shuga wa mumkaka. Pang'ono mu tiyi savuta, ndipo mabisi ndi yogati ambiri amamwa popanda vuto. Munthu wotere safunika kuopa chilichonse cholembedwa kuti muli mkaka.

Kuti mudziwe chenicheni, tengani kope lakale la kusukulu. Kwa milungu iwiri lembani chimene mwana wadya, nthawi yake, ndi chimene chaoneka pathupi. Lembaninso zimene wadya kwa aneba ndi zimene wagula pakantemba, chifukwa nthawi zambiri yankho limakhala kumeneko. Zidzolo zikatuluka zijambuleni ndi foni, pakuti pofika pamzere wa kuchipatala zimakhala zitazimirira ndipo adokotala amangoona khungu losalala. Kopelo mupite nalo ku kliniki ya kwanu, kaya ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena ku George, kapena kuchipatala cha Matero, Kanyama kapena Chawama. Vuto likakhala lalikulu amatumiza kuchipatala chachikulu cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa. Chimene sindilangiza n'chakuti muyese nokha kunyumba kumudyetsanso chakudya chimene chinamutupitsa milomo kapena kumubanikitsa, kuti muone ngati ndi chomwecho. Kachiwiri kakhoza kukhala koopsa kuposa koyamba.

Chiwengo chachikulu chimapha, ndipo chimapha msanga. Mukaona lilime kapena pakhosi patupa, mawu asasa, mwana akupuma movutikira kapena kulira m'chifuwa, wafooka mwadzidzidzi, watuwa kapena wakomoka, imeneyo si nthawi yotuma mwana wina kukagula Piriton. Piriton amachepetsa kuyabwa kwa khungu basi. Satsegula njira ya mpweya. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu, ndipo amapezeka kuchipatala. Pezani galimoto iliyonse imene ili pafupi. Wodwala agone chagada miyendo ili m'mwamba. Ngati kupuma kukuvuta, akhale tsonga motsamira, koma asaimirire kapena kuyenda yekha. Musamumwetse mkaka, saladi, makala osinja kapena madzi a mchere kuti asanze, chifukwa wobanika akhoza kutsamwa nazo. Mukafika, musakhale pamzere. Nenani pakhomo pomwepo kuti, "Asisita, mwana wadya nshawa, watupa pakhosi, sakupuma bwino." Akabayidwa n'kupeza bwino, musafulumire kubwerera kunyumba, pakuti nthawi zina zizindikiro zimabwereranso patapita maola. Mwana wa mphumu ndiye wofunika kumuyang'anira kwambiri pa zimenezi.

Ndinenepo apa kuti m'makomboni mwathu maubale ambiri asokonekera chifukwa cha nkhani yotere. Mwana wadya kwa aneba, wabwera atatupa nkhope, ndiye mawu ayamba akuti wadyetsedwa. Aneba aja anangothira nsinjiro m'chibwabwa monga amachitira masiku onse. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, n'chifukwa chake anamupatsa mbale. Chimene chinasowa ndi kuwauza.

Tsopano ku mbaula. Lamulo ndi limodzi: yambani ndi chakudya cha wowengedwayo, mapoto ndi mthiko zili zoyera. Tiyerekeze kuti mwana amawengedwa ndi nshawa ndipo lero ndiwo ndi visashi. Wiritsani chibwabwa ndi tomato ndi anyezi, patulani gawo la mwana m'kambale kake, vundikirani, ikani pamwamba patali. Mukatero ndiye thirani nsinjiro mumphika wa ena onse. Mukasintha dongosololi, n'kumayesa kupatula masamba m'ndiwo zothira kale nsinjiro, mwalephera, chifukwa msuzi wonse walowa kale. Musaganizenso kuti kuphika nthawi yaitali kumapha chiwengo cha nshawa kapena cha nsomba. Sikupha. Nshawa zokazinga zimawenga chimodzimodzi.

Sipuni yotakasira mphika uwu isalowe mumphika uwo. Mthiko wamtengo wong'ambika umasunga zakudya m'ming'alu, ndiye mwanayo mugulireni wake, muumange kansalu kuti aliyense audziwe. Mtondo wosinjira nshawa musasinjiremo za iye. Mbale zitsukidwe ndi sopo ndi madzi oyera. Kungopukuta ndi nsalu sikuchotsa mafuta a nshawa. Saladi amene mwakazingira nsomba musakazingire mbatata za munthu wowengedwa ndi nsomba, ndipo dziwani kuti pamsewu chiwaya chimodzi chimakazinga tchipisi, soseji, mazira ndi nsomba m'mafuta omwewo. Alipo ena amene ngakhale nthunzi ya nsomba yokazinga imawatsokomoletsa; otere akhale kutali ndi mbaula mpaka mwatha.

Kadyedwe kathu kakuti onse apise m'mbale imodzi ya ndiwo n'kabwino, koma mwana uyu akhale ndi mbale yake ya ndiwo ndi ntanda wake wa nsima. Dzanja limene lasunsa m'visashi n'kubwerera kukatema nsima lasiya nsinjiro pansimapo. Posamba m'manja, thirirani madzi kuchokera m'jagi, osati onse kusamba m'beseni limodzi. Chizolowezi chimenechi chimatetezanso nyumba yonse ku matenda otsegula m'mimba.

Nshawa zimabisala m'zakudya zambiri kuposa mmene timaganizira. Chikanda n'chodzaza nsinjiro. Futali, sampu wotendera, katapa, bondwe, phala la ana, ngakhale delele lina, zonse zimatenderedwa. Soya ali mu soya pisi, m'masoseji ndi poloni zambiri, ndi m'phala la HEPS limene limaperekedwa kwa ana onyentchera. Chiponde cha kuchipatala chopatsa ana operewera zakudya m'thupi chimapangidwa ndi nshawa ndi mkaka, ndiye ngati mwana ali ndi chiwengo cha chimodzi mwa ziwirizi, uzani anamwino asanakupatseni. Mazira ndi mkaka zili m'makeke ndi masikono ambiri. Pogula za m'mapaketi werengani mndandanda wa zimene aikamo nthawi iliyonse, chifukwa opanga amasintha. Vuto lathu ndi pamela. Zopimidwa m'timapulasitiki, kaya ufa wa phala, zokometsera ndiwo kapena mkaka waufa, zilibe chizindikiro, ndipo wogulitsa pakantemba naye sadziwa zimene zilimo. Ufa wa nsima, mchere ndi shuga gulani pamela monga mwa nthawi zonse, koma zosakanizasakaniza zopanda dzina musamupatse mwana wowengedwa. Pamaliro, pa kitchen party ndi pa chilanga mulilo, pamene mapoto amachokera m'makhitchini khumi, mutengereni chake kuchokera kunyumba. Si mwano.

Mukachotsa chakudya, bwezeranipo china cha ntchito yomweyo. M'malo mwa nsinjiro za nshawa, kazingani pang'ono nthanga za maungu kapena za mpendadzuwa, sinjani mumtondo woyera, sefani, tenderani nazo masamba.  Ambiri owengedwa ndi nshawa amadya nyemba, khobwe ndi nzama popanda vuto, choncho musazichotse ngati sizinamuvutepo. Wowengedwa ndi mazira adye kapenta, nyemba ndi chiwindi cha nkhuku. Wowengedwa ndi mkaka apeze cholimbitsa mafupa mu kapenta, chifukwa timadya ndi minga yomwe, komanso m'masamba obiriwira monga bondwe. Mkaka wa mbuzi si njira, pakuti ambiri owengedwa ndi wa ng'ombe umawawenganso. Wowengedwa ndi nsomba adye mazira, nyemba ndi soya pisi. Ana ambiri chiwengo cha mkaka ndi cha mazira chimawathera akamakula, pamene cha nshawa ndi cha nsomba chimakonda kukhalitsa. Choncho chaka chilichonse funsani achipatala ngati nthawi yoyesanso yafika.

Kwa makanda amene sanaonetse vuto lililonse, uphungu wasintha poyerekeza ndi wakale. Kuchedwetsa nshawa ndi mazira sikuteteza mwana. Kafukufuku wa ku London wofalitsidwa mu 2015, wa makanda 640, anapeza kuti amene anayamba kudya nshawa ali aang'ono anachepetsa mpata wodzawengedwa nazo ndi pafupifupi 80 peresenti poyerekeza ndi amene anazipewa. Kunena kwina, phala lothira nsinjiro limene amayi athu akhala akuphika ndi labwino. Yamwitsani bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenaka yambani phala, n'kumawonjezera chakudya chatsopano chimodzi pa nthawi: nsinjiro pang'ono masiku awiri kapena atatu, kenaka dzira lophika lolimba lonyenyanyenya, kenaka ufa wa kapenta. Chatsopano mupatseni m'mawa, kliniki ili yotsegula, osati usiku. Nshawa zathunthu ayi, mpaka zaka zisanu, chifukwa zimatsamwitsa. Khanda limene khungu lake ndi louma, losweka ndi loyabwa kwambiri, kapena limene lawengedwapo kale ndi dzira, lionedwe ndi achipatala musanalipatse nsinjiro. Za zoti mazira amadwalitsa ana khunyu kapena kuwaphunzitsa kuba, tizisiye. Zalanda ana ambiri chakudya chotchipa ndi chabwino.

Ngozi ya nshawa imene imakhudza aliyense, wowengedwa ndi wosawengedwa yemwe, ndi chuku. Nshawa ndi chimanga zikasungidwa zonyowa zimachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo sapsa pamoto. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo ya panthawiyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya cha chimanga choipa, ndipo pa zitsanzo 25 zotengedwa m'makampani ogaya, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoniyu wochuluka. Nsinjiro zosinjasinja za pamsika simungadziwe kuti zachokera ku nshawa zotani, ndipo si chinsinsi kuti zofota ndi zoswekasweka ndizo zimathera kuchigayo. Ndi bwino kugula nshawa zathunthu ku Soweto kapena pamsika wa kwanu, kuzithira m'lichero, kutaya zofota, zakuda, zobooka ndi zowawa, n'kusinja nokha zokwanira mlungu umodzi. Thumba la ufa likhale pa matabwa, lisagunde khoma, makamaka nthawi ya mvula pamene nyumba zambiri za ku Kanyama zimalowa madzi. Ufa wonunkha chinyontho kapena woumbika mabuluzi utayidwe, musapatsenso nkhuku.

Zotsalazi ndi za mphika wa banja lonse. Masamba atsukeni musanadule, aphikeni ndi madzi ochepa, povundikira, kwa mphindi zochepa, atsike akadali obiriwira. Soda amafewetsa msanga ndipo amapulumutsa malasha, ndikudziwa, koma amawononga mavitamini. Msiyireni delele, ndipo pamenepo pang'ono pokha. Chibwabwa chanthete chosadzulidwa bwino sichifuna soda. Bondwe, kalembula, lumanda ndi chibwabwa musazione ngati ndiwo za osauka, n'kumathamangira kabichi masiku onse. Thirani saladi pang'ono kapena nsinjiro, chifukwa vitamini A wa m'masamba amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Koma sipuni imodzi kapena ziwiri zakwana. Ndiwo zosambira m'saladi si ulemu kwa alendo.

Mchere ndiwo watipweteka mwakachetechete. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu asanu patsiku, amene ndi kasipuni kamodzi ka tiyi kosadzaza mpaka pamwamba, kuwerengera zonse zimene wadya. Ife timathira mchere, tithirenso kakyubu kokometsera, tithirenso soda, pa kapenta wa mchere kale. Ndiye tidabwe kuti BP yafala mpaka kwa anyamata. Kapenta muviikeni m'madzi ofunda kuti mchenga ndi mchere zichoke, ndipo mukaika kakyubu musathirenso mchere. Chepetsani pang'onopang'ono, pakatha milungu ingapo lilime limazolowera. Shuga wa muno amathiramo vitamini A kuyambira 1998, koma chimenecho si chilolezo choika masipuni anayi m'kapu. Tiyi amwedwe patapita ola mutadya, chifukwa amatchinga ayironi wa mu nyemba ndi masamba, pamene tomato, ndimu kapena gwafa zimathandiza kuti alowe.

Pa ufa, roller ndi mgaiwa zili ndi gaga ndi mtima wa chimanga, zimakhalitsa m'mimba, ndipo roller ndi wotchipa kuposa breakfast. Manyazi onyamula thumba la roller pamaso pa aneba sapindulitsa aliyense. Koma kaya ufa ndi uti, ntanda ukakula kuposa ndiwo, wodwala shuga avutikabe. Masamba achuluke m'mbale.

Nyemba zimathera anthu malasha chifukwa choziphika zouma. Viikani usiku wonse, tayani madziwo, thirani atsopano, ziwire mwamphamvu kwa mphindi 15 kapena 20. Kuwira kumeneku musakudumphe, chifukwa nyemba zosawira bwino zimasanzitsa. Kenaka phulani mphika uli chivundikirire, ukulungeni m'bulangeti lakale, ikani m'dengu kapena m'katoni. Pakatha maola atatu kapena anayi zapsa, kapena zatsala pang'ono, ndipo malasha aja mwaphikira nsima. Musanadye ziwiritseninso. Zotsala zonse, chimbala chomwe, zitenthetsedwe mpaka nthunzi itatuluka mkati, ndipo phala la khanda liphikidwe latsopano nthawi iliyonse. Mbaula ikhale panja kapena pakhomo lotsegula. Ngakhale kuzizire mu Juni ndi Julayi, musagone nayo m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wa malasha sununkha ndipo umapha anthu ali m'tulo.

Nkhani ya chiwengo isakhale ya amayi okha. Tsiku limene amayi apita kukaoda ku Soweto m'bandakucha, wophika amakhala abambo, azakhali kapena mwana wamkulu, ndipo onsewa ayenera kudziwa mthiko wa kansalu ndi dongosolo la mphika. Lembani chakudyacho pa khadi la kusikelo. Uzani aphunzitsi, aneba a pa yadi, amayi a kutchalitchi ndi agogo akumudzi kumene mwana amapita patchuthi. Agogo akati, "Mupatseni pang'ono azolowere," ayankheni mwaulemu kuti achipatala aletsa. Mwana mwiniwake, akangoyamba kulankhula bwino, mphunzitseni kunena kuti, "Zikomo amayi, koma nshawa sindidya, zimandiwenga." Pitani mukafunsenso lero lomwe kuti chipatala chotsegula usiku chimene chili pafupi ndi kwanu ndi chiti, ndipo musunge m'foni nambala ya woyendetsa takisi wa m'dera lanu.